Kusankha Koyenda ku Ticino: Malinga a Bellinzona, Miyala ya ku Meride Kapena Magombe a Lugano ndi Locarno

Dziko la Switzerland linagawidwa m'zigawo 26 zodziyendetsera zinthu pazokha, ndipo mwa zigawo zonsezi Ticino ndicho chokha chimene Chitaliyana chili chilankhulo chake chimodzi chokha cha boma. Chigawochi chili kum'mwera kwa mapiri a Alps, chimachita malire ndi dziko la Italy, ndipo muli anthu pafupifupi 350,000. Likulu lake ndi Bellinzona, ngakhale kuti mzinda waukulu ndiponso wotchuka kwambiri ndi Lugano. Deralo ndi laling'ono, koma munthu amene wapeza masiku atatu kapena anayi okha oti alione amasowa pogwira, chifukwa muli malinga a zaka za m'ma 1400, phiri limene linasunga mafupa a nyama za m'nyanja zimene zinatha kalekale, matchalitchi okhala ndi zithunzi za akatswiri, chikondwerero cha mafilimu chodziwika padziko lonse, komanso zigwa zimene eni ake ankazithawa chifukwa cha njala. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo mlendo wofuna kulawa paliponse ku Ticino amabwerako ataona masiteshoni a sitima ambiri kuposa china chilichonse.

Maganizo anga ndiwanene poyamba pomwe kuti owerenga aziwayesa pamene tikupita. Zithunzi zoitanira alendo zimaonetsa kwambiri magombe a Lugano, Locarno ndi Ascona, ndipo palibe angatsutse kuti malowa ndi okongola, koma zambiri zimene zasungidwa kumeneko ndi mbiri ya anthu obwera, olemera kapena otchuka, amene anadzamanga m'mphepete mwa nyanja chifukwa cha nyengo yabwino. Mbiri ya eni dera, amene anakhala pakhomo pa njira yodutsa mapiri, amene analimbiranidwa ndi maufumu, nalamulidwa ndi anthu ena kwa zaka pafupifupi 300, natumiza ana awo kunja kukafuna ntchito, imaoneka bwino ku Bellinzona, m'midzi yozungulira Mendrisio ndiponso m'zigwa za kumpoto. Amene ali ndi nthawi yochepa ayambire kumeneko.

Kayendedwe sikavuta monga kale. Ngalande ya sitima ya pansi pa phiri la Gotthard, yotalika makilomita 57, inatsegulidwa mu 2016, ndipo ina ya pansi pa phiri la Ceneri, ya makilomita opitirira pang'ono 15, inayamba kugwira ntchito mu 2020. Chifukwa cha ngalande ziwirizi, ulendo wochokera ku Zürich kufika ku Lugano umatenga pafupifupi maola awiri, wochokera ku Lugano kupita ku Bellinzona umatenga mphindi zosakwana 20, ndipo wopita ku Locarno pafupifupi theka la ola. Motero funso la komwe mungagone silikulemera kwenikweni. Cholemera ndi chimene mungachite ndi usana wanu. Aliyense wogona m'hotela, m'nyumba zogona achinyamata kapena pamalo okhomapo matenti amapatsidwa Ticino Ticket, tikiti yokwerera sitima ndi mabasi a m'chigawochi kwaulere, chinthu chothandiza kwambiri m'dziko limene zinthu ndi zodula chonchi. Wokhala ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe afunika viza ya Schengen, imene imalolanso kuwolokera ku Italy, ndipo pali sitima yochokera pabwalo la ndege la Malpensa, pafupi ndi Milan, yofika ku Mendrisio ndi ku Lugano popanda kusintha.

Tiyambe ndi Bellinzona. Chifukwa chimene malinga atatu anamangidwira pamenepa chimaonekeratu munthu akangoimirira pamwamba pa khoma n'kuyang'ana uku ndi uku. Chigwa cha mtsinje wa Ticino chimapanikizika pamalo amenewa, ndipo njira zotsika kuchokera kumipata ya mapiri ya Gotthard, Lukmanier, San Bernardino ndi Nufenen zonse zimakumana pamenepa zisanalowere kuchidikha cha Lombardy ku Italy, kumene kuli mzinda wa Milan. Wotseka pa Bellinzona watseka njira ya ku Milan. Banja la Visconti, limene linkalamulira Milan, linalanda mzindawu mu 1340, ndipo banja la Sforza limene linalowa m'malo mwake linalimbitsa makoma m'zaka za m'ma 1400 poopa ankhondo a ku Switzerland amene ankatsika kuchokera kumpoto. Anamanganso khoma lalitali lotchedwa Murata lodutsa chigwa chonse mpaka kumtsinje, kuti ngakhale ng'ombe yopita kumsika isadutse popanda kulipira msonkho. Ntchito yonseyi sinaletse chimene ankachiopa, pakuti mu 1500 Bellinzona inalowa m'manja mwa zigawo za Uri, Schwyz ndi Nidwalden, ndipo pangano la ku Arona la mu 1503 linatsimikizira zimenezi. Kuyambira pamenepo anthu a m'derali ankalamulidwa ndi nduna zotumidwa kuchokera kumpoto mpaka mu 1798, ndipo Ticino inakhala chigawo choima pachokha mu 1803. Bungwe la UNESCO linaika malingawa ndi makoma ake pamndandanda wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2000.

Malinga atatuwa sali ofanana, ndipo si aliyense amene ayenera kuwakwera onse. Castelgrande ndilo lakale ndiponso lalikulu, lili pathanthwe pakati penipeni pa mzinda, ndipo lili ndi nsanja ziwiri, Torre Bianca ya mamita 27 ndi Torre Nera ya mamita 28. Katswiri wa zomangamanga Aurelio Galfetti analikonzanso m'zaka za m'ma 1980 mpaka 1991, naboola thanthwe n'kuikamo chikepe chochokera pabwalo la Piazza del Sole, kotero kuti okalamba ndi ovutika miyendo amafika pamwamba osatuluka thukuta. Kuchokera pamenepo munthu amatha kuyenda pamwamba pa chigawo cha Murata chimene chinatsala. Montebello, limene banja la Rusca la ku Como linayamba kumanga kumapeto kwa zaka za m'ma 1200, ndilo limaoneka monga mmene ambiri amaganizira linga la nkhondo, lokhala ndi milatho yokwezeka, ngalande zotchinga adani ndi makoma ozungulirana, ndipo ana amalikonda kuposa enawo. Sasso Corbaro lili pamwamba kwambiri, mamita pafupifupi 230 kuchokera mumzinda, ndipo linamangidwa mofulumira mu 1479, m'miyezi pafupifupi isanu ndi umodzi, asilikali a ku Milan atagonja mochititsa manyazi pankhondo ya ku Giornico mu Disembala 1478. Ndi laling'ono ndi lowuma, ndipo chimene chimalipira thukuta la wokwerayo ndi kuona chigwa chonse mpaka kunyanja ya Maggiore. Wokhala ndi theka la tsiku atenge Castelgrande ndi Montebello, ndipo Sasso Corbaro alisiyire amene ali ndi tsiku lathunthu ndi mapapo olimba.

Pali chenjezo limodzi loyenera kunenedwa mosabisa. Awa ndi malinga a asilikali ndi okhometsa msonkho, si nyumba zachifumu, choncho woyembekezera zipinda zagolide ndi mipando ya mafumu akhumudwa. Zoonetsedwa m'katimo ndi zochepa: zinthu zofukulidwa pansi, zida, ndi matabwa ojambulidwa a denga la nyumba ina yakale ya mumzinda. Mphamvu ya malowa ili panja, pakuona mmene makoma anagwirizanirana ndi mapiri. Ngati n'kotheka fikani Loweruka m'mawa, pamene msika umadzaza misewu ya mzinda wakale ndi tchizi cha kumapiri, nyama zoumitsa ndi buledi, chifukwa tsiku limenelo ndi limene mumamva Bellinzona ikulankhula chilankhulo chake.

Njira yachiwiri, imene ine ndimaiika patsogolo kwa aliyense wokonda sayansi, ndi ya kum'mwera kwenikweni, kudera lozungulira Mendrisio. Pamenepa pali phiri la Monte San Giorgio, lotalika mamita 1,097, limene nthambi ziwiri za nyanja ya Lugano zinalizinga. Poliyang'ana ndi phiri wamba lokutidwa ndi nkhalango, koma miyala yake inasunga zamoyo za zaka pafupifupi 240 miliyoni zapitazo, nthawi imene dera lonseli linali thamanda lofunda la m'mphepete mwa nyanja yaikulu. Pansi pa thamandalo panalibe mpweya wokwanira, motero nyama ikafa n'kumira panalibe chokaidya kapena kumwaza mafupa ake, ndipo matope osalala ankaikwirira pang'onopang'ono. N'chifukwa chake mafupa ambiri amapezeka ali olumikizana monga mmene nyamayo inalili, ena mamba ake akuoneka, ndipo zina mwa nyamazi zinapezeka zili ndi ana m'mimba. Chinanso chimene chimasiyanitsa phirili ndi malo ena ndi chakuti zotsalirazi zili m'mizere ingapo ya miyala yosanjikizana, kotero kuti akatswiri amatha kutsatira mmene zamoyo zinkasinthira kwa zaka mamiliyoni angapo pamalo amodzi. Papezeka mitundu pafupifupi 30 ya nyama zokwawa ndi mitundu pafupifupi 80 ya nsomba. Amene anaonapo mafupa a Malawisaurus ku Karonga angamvetse ukale wake akadziwa kuti nyama za ku Monte San Giorgio zinakhalako zaka zoposa 100 miliyoni chinyama cha ku Karongacho chisanabadwe. UNESCO inazindikira mbali ya Switzerland ya phirili mu 2003, ndipo mbali ya Italy inawonjezedwa mu 2010.

Malo oonera zimenezi ndi myuziyamu ya m'mudzi wa Meride, imene katswiri wa kwawo komweko Mario Botta anaikonza ndipo inatsegulidwa mu 2012. Polowa mumakumana ndi chifanizo cha Ticinosuchus, chilombo cha pamtunda cha mamita awiri ndi theka, cha mtundu woyandikana ndi makolo a ng'ona. M'zipinda zam'mwamba muli Ceresiosaurus wa miyendo yopalasira madzi, tinyama ting'onoting'ono ta Neusticosaurus timene tinapezeka tambirimbiri, ndi Tanystropheus amene khosi lake linali pafupifupi theka la utali wa thupi lonse. Mbiri ya kufukulako nayonso ndi yochititsa chidwi, chifukwa anayamba ndi anthu a migodi, osati asayansi okha: kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 ankakumba miyala yakuda ya mafuta n'kuitcheza kuti apeze mankhwala a pakhungu otchedwa Saurolo, ndipo kuyambira mu 1924 Bernhard Peyer wa ku yunivesite ya Zürich anayamba kufukula mwadongosolo. Zimenezi zikutanthauzanso kuti zambiri mwa zofukulidwa zabwino koposa zili ku Zürich ndi ku Milan, ndipo zina zimene muona ku Meride ndi zoumba motengera zenizenizo. Myuziyamuyi ndi yaing'ono, ola limodzi ndi theka limakwana, ndipo pamafunika kukwera basi kuchokera pasiteshoni ya Mendrisio. Komabe palibe malo ena ku Ticino amene munthu amaona chinthu chasayansi ali pamalo penipeni pamene chinapezeka, n'kutuluka panja kukaponda miyala yomweyo.

Ubwino wina wa njira imeneyi ndi wakuti tsiku lomwelo limakupatsani zinthu zina ziwiri zazikulu popanda kuyenda mtunda wautali. Ku Riva San Vitale, m'munsi mwa phiri lomweli, kuli nyumba yobatiziramo ya zaka za m'ma 400, imene ndi nyumba yachikhristu yakale kwambiri yomwe idakaimabe yathunthu m'dziko la Switzerland. M'kati mwake mukuonekabe dziwe lakale lokumbidwa pansi, la nthawi imene akuluakulu ankabatizidwa pomizidwa, ndipo pamwamba pake anadzaikapo mbiya yaikulu yosemedwa pamwala umodzi mwambo utasintha. Ku Ligornetto kuli nyumba ya Vincenzo Vela, wosema ziboliboli amene anabadwa mu 1820 n'kumwalira mu 1891, ndipo m'menemo muli zoumba zake zoyambirira zimene ankatengerapo posema miyala ndi poumba mkuwa. Chimene sindingafune kuti mlendo aliyense achiphonye ndi chosema chake chotchedwa Le vittime del lavoro, cha amuna onyamula mnzawo wakufa pamachira kuchokera m'ngalande. Vela anachipanga popanda womutuma, pamene ngalande yoyamba ya sitima ya Gotthard, ya makilomita 15, inkatsegulidwa mu 1882 ndipo akuluakulu ankatamandana. Pantchito imeneyo panafa anthu pafupifupi 200 pangozi, ambiri mwa iwo ochokera ku Italy, osawerengera amene anadwala njoka za m'mimba ndi matenda a m'mapapo n'kukafera kwawo, ndipo mu 1875 anthu anayi anawomberedwa ku Göschenen, pakhomo la kumpoto la ngalandeyo, pamene ogwira ntchito ananyanyala. Wokwera sitima yodutsa pansi pa mapiriwa lero ayenera kudziwa mtengo umene unalipiridwa. Amene ulendo wake wagwera m'Sabata Loyera apezanso ku Mendrisio maulendo a chipembedzo a Lachinayi ndi Lachisanu usiku, pamene magetsi a mumsewu amazimitsidwa ndipo mzinda umawala ndi nsalu zojambulidwa zounikiridwa m'kati, mwambo umene UNESCO inauzindikira mu 2019.

Nanga Lugano? Ndi malo abwino ogona, ndipo muli chinthu chimodzi chimene chimaposa zambiri zolipiritsa ngakhale kuti n'chaulere. M'tchalitchi cha Santa Maria degli Angioli, chimene kunja kwake sichikopa maso, muli chithunzi chachikulu cha masautso ndi kupachikidwa kwa Yesu chimene Bernardino Luini, wotsatira luso la Leonardo da Vinci, anajambula pakhoma mu 1529. Chimadzaza khoma lonse lolekanitsa malo a anthu ndi malo a ansembe, ndipo muli anthu oposa 100, akavalo, asilikali olimbirana malaya ndi amayi olira. Pafupi pomwepo pali LAC, nyumba ya zaluso imene inatsegulidwa mu 2015, yokhala ndi holo ya anthu 1,000 ndi myuziyamu ya zojambula ya MASI. Ndi nyumba yabwino, koma phindu lake limadalira chionetsero chimene chilipo mwezi umenewo, ndipo wochokera ku Milan kapena ku Zürich sadzapezamo chimene sanaone chokulirapo. Ku Montagnola, pamtunda pang'ono kuchokera mumzinda, kuli myuziyamu ya wolemba mabuku Hermann Hesse, amene anakhala m'mudzimo kuyambira 1919 mpaka imfa yake mu 1962 ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1946. Owerenga mabuku ake amakhudzidwa poona taipilaita yake, magalasi ake ndi zithunzi zimene ankajambula, koma amene sanamuwerengepo angachite bwino kusunga nthawiyo. Ana amasangalala ku Swissminiatur ku Melide, kumene kuyambira 1959 amaonetsa tinyumba ndi tisitima ta dziko lonse tochepetsedwa ka 25, ndipo wofuna chinthu chachilendo akwere boti kupita ku Cantine di Gandria, kumene nyumba yakale ya alonda a m'malire inasanduka myuziyamu yofotokoza mmene anthu ankazembetsera khofi, fodya ndi mpunga pakati pa maiko awiriwa.

Pankhani ya sayansi, Lugano ili ndi dzina lalikulu kuposa zimene mlendo wamba angaone. Mumzindawu muli CSCS, likulu la dziko lonse la makompyuta amphamvu kwambiri, limene linayamba mu 1991 ku Manno n'kusamukira ku Lugano mu 2012, ndipo makina ake amaziziritsidwa ndi madzi opopedwa pansi pa nyanja. Kompyuta yake yatsopano yotchedwa Alps inakhazikitsidwa mu 2024. Koma amenewa ndi malo antchito, ndipo kulowamo n'kochita kupempha pasadakhale. Zotsegukira anthu onse ndi ziwiri. Yoyamba ndi L'ideatorio ku Cadro, malo a yunivesite ya USI okhala ndi zionetsero zogwira ndi manja komanso chipinda choonetsera nyenyezi padenga, amene anakonzedwa makamaka poganizira ana asukulu ndi mabanja olankhula Chitaliyana, kotero kuti wosamva chilankhulocho amataya gawo lalikulu la phindu lake. Yachiwiri ndi myuziyamu ya chigawo ya zachilengedwe, yachikalekale m'kaonekedwe, yokhala ndi miyala, nyama zoumitsa ndi zina zofukulidwa ku Monte San Giorgio, imene ndi yothandiza tsiku la mvula kapena kwa amene walephera kufika ku Meride. Poyerekeza zitatuzi, banja la ana aang'ono omva Chitaliyana lisankhe Cadro, koma munthu wamkulu wofuna kumvetsa chinthu chimene sichipezeka kwina asankhe Meride.

Locarno imasintha kwambiri malinga ndi mwezi. Mu Ogasiti, pa chikondwerero cha mafilimu chimene chinayamba mu 1946, bwalo la Piazza Grande limasanduka malo oonera kanema panja okhala anthu 8,000, ndipo amene amakonda mafilimu sangapeze china chofanana nacho m'dziko lonselo. Nthawi imeneyo malo ogona amadula ndipo amatha msanga, choncho ndi bwino kugona ku Bellinzona n'kumayendera sitima. Miyezi ina mzindawu ndi wa phee. Kasitima kokokedwa ndi chingwe, ka mu 1906, kamakwera kupita ku Madonna del Sasso, tchalitchi chomangidwa pathanthwe pamene amati m'bale Bartolomeo wa ku Ivrea anaona masomphenya a Maria mu 1480. M'linga la Visconti la ku Locarno komweko, limene mbali yake yaikulu inagwetsedwa mu 1532, muli ziwiya zagalasi za nthawi ya Aroma zofukulidwa m'manda a m'derali, komanso chikumbutso cha msonkhano wa mu Okutobala 1925, pamene Gustav Stresemann wa ku Germany, Aristide Briand wa ku France ndi Austen Chamberlain wa ku Britain anagwirizana zolemekeza malire a kumadzulo kwa Germany, mtendere umene sunakhalitse. Pamwamba pa mzinda pali Specola Solare, kumene kuyambira 1957 akatswiri amajambula pamanja mawanga a padzuwa tsiku lililonse kukakhala kopanda mitambo, ndipo kwa zaka zambiri kuwerengera kwa padziko lonse kunkayezedwa potengera iwo. Amalandira alendo pamasiku oikika okha.

Kufupi ndi Locarno kuli malo awiri amene amalimbirana masana amodzi. Monte Verità, pamwamba pa Ascona, ndi phiri limene mu 1900 Henri Oedenkoven, Ida Hofmann ndi anzawo ochokera kumpoto anakhazikitsapo mudzi wa anthu okana nyama, okana moyo wa m'mizinda ndi ofuna kuyamba moyo watsopano, ndipo pambuyo pake panadutsa ovina, olemba ndi oganiza ambiri a ku Ulaya. Nyumba ya Casa Anatta imafotokoza mbiri imeneyi mwatsatanetsatane, koma ndi chionetsero chofuna kuwerenga kwambiri, ndipo ndi nkhani ya alendo amene eni mudzi ankangowaonera patali. Zilumba za Brissago, zofikika pa boti, zili ndi munda wa zomera umene unayambidwa ndi Antoinette de Saint Léger atagula zilumbazo mu 1885, ndipo unatsegulidwa kwa anthu onse mu 1950. Madzi a nyanja ya Maggiore amasunga kutentha kotero kuti zomera za ku South Africa, Australia, Mexico ndi kum'mawa kwa Asia zimakula panja m'dziko lodziwika ndi chipale chofewa. Pa awiriwa ine ndingasankhe Brissago, chifukwa phunziro lake la mmene nyanja imasinthira nyengo munthu amaliona ndi maso ndiponso kulimva pakhungu, ndipo ulendo wa pa boti umakupatsani kale zonse zimene magombe akanakupatsani.

Zigwa za kumpoto zimafuna tsiku lathunthu chilichonse, ndipo apa m'pamene kusankha kumapweteka. Chigwa cha Verzasca ndicho chotchuka, chifukwa cha damu la mamita 220 lomalizidwa mu 1965 ndi mlatho wamiyala wa ku Lavertezzo wodutsa pamadzi obiriwira, koma m'nyengo yotentha pamlathopo pamadzaza anthu ojambulitsa, ndipo mtsinjewo, wozizira ndi wothamanga, wapha osambira ambiri. Pitirirani mpaka ku Sonogno, kumapeto kwa msewu, kumene myuziyamu yaing'ono imafotokoza za ana a m'chigwachi amene makolo osauka ankawapereka kwa mabwana kuti akagwire ntchito yokwawa m'machumuni a nyumba za ku Milan ndi mizinda ina n'kumapala mwaye nyengo yonse yozizira. Chigwa cha Maggia n'chachikulu ndipo chili ndi zambiri: myuziyamu ya ku Cevio, nthambi ya Bavona kumene anthu ankamanga makola ndi mosungira chakudya pansi pa matanthwe ogumuka ndipo midzi yambiri ilibe magetsi a pachingwe mpaka lero, ndi katchalitchi ka ku Mogno ka miyala yoyera ndi yakuda kamene Botta anamanga m'malo mwa kakale kamene kanakokoloka ndi chigumukire cha chipale chofewa mu 1986. Chigwachi chinawonongeka kwambiri ndi madzi osefukira kumapeto kwa Juni 2024, mlatho wa pafupi ndi Cevio unagwa ndipo anthu anafa, zimene zikusonyeza kuti mavuto amene myuziyamu zimafotokoza sanathe. M'zigwa zonsezi muli malo odyera otchedwa grotto, a matebulo amiyala pansi pa mitengo, kumene amaphika polenta ya ufa wachimanga pamoto wankhuni n'kuperekera tchizi kapena nyama yofutsa, pamodzi ndi vinyo wa Merlot amene wakhala akulimidwa m'chigawochi kuyambira 1906.

Chigwa cha Leventina, chimene sitima zothamanga zimachidutsa pansi masiku ano, ndicho choyenera amene Bellinzona yamusiyira mafunso. Sitima ya njanji yakale imakwerabe chigwachi mozungulirazungulira m'kati mwa mapiri. Ku Giornico kuli tchalitchi cha San Nicolao cha zaka za m'ma 1100, chamiyala yosemedwa bwino ndi zilombo zosema pakhomo, pafupi ndi pamene panachitikira nkhondo ya mu 1478. Pasiteshoni ya Airolo pali chosema cha Vela chija chitaumbidwa ndi mkuwa, pakhomo penipeni pa ngalande imene amunawo anafera. Pamwamba, pampata wa Gotthard wa mamita 2,106, msewu wakale wa Tremola woyalidwa miyala umakhotakhota kukwera phiri, ndipo m'kati mwa thanthwe muli Sasso San Gottardo, linga lachinsinsi la asilikali lokumbidwa pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, limene linatsegulidwa kwa anthu mu 2012 ndipo muli mizinga, zipinda zogona asilikali ndi miyala ikuluikulu yonyezimira yofukulidwa m'mapiri a Alps. M'katimo mumazizira ngakhale mu Julayi, choncho tengani chovala chofunda.

Nyengo imadula zina mwa njirazi isanakufunseni. Mpata wa Gotthard umatsekedwa ndi chipale chofewa, ndipo linga la m'thanthwelo limatsegulidwa kuyambira chakumayambiriro kwa nyengo yotentha mpaka Okutobala basi. Zilumba za Brissago, myuziyamu ya ku Cantine di Gandria ndi myuziyamu za m'zigwa zimatseka m'miyezi yozizira, ndipo zipinda za Montebello ndi Sasso Corbaro nazonso zimatsekedwa nthawi imeneyo pamene Castelgrande limalandirabe alendo. Wofika pakati pa Novembala ndi Malichi atsala ndi Castelgrande, Meride, Riva San Vitale ndi Lugano, zimene zimakwana masiku awiri abwino, ndipo ngati wafika mu Febuluwale angakumane ndi Rabadan, chikondwerero cha zovala zachilendo chimene chimatseka misewu ya Bellinzona Lenti isanayambe. Myuziyamu zambiri, kuphatikizapo ya ku Meride ndi MASI, sizitsegula Lolemba, motero tsiku limenelo liikireni malinga, matchalitchi kapena chigwa, ndipo musanakwere basi yopita kumudzi wa kumapeto kwa chigwa onetsetsani nthawi ya basi yomaliza yobwerera, chifukwa madzulo mabasi amenewa amakhala otalikirana kwambiri.